Keyala Yakale pa Chiphaso Choyendetsera Galimoto: Kodi Inshuwalansi Igwirabe Ntchito?

Mawu amene anakambidwa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'dera, pamaso pa mafumu, khansala ndi eni magalimoto a m'wodi.



Funso limene lafika pa msonkhano uno lachokera kwa eni magalimoto a m'wodi muno, makamaka aja amene anagwirapo ntchito m'mizinda nabwerera kumudzi. Munthu anatenga chiphaso choyendetsera galimoto akukhala ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo keyala imene analembetsa ndi ya kumeneko. Papita zaka, munthuyo anasamuka, koma m'kaundula wa boma akuonekabe ngati wokhala kumene anachoka. Nkhawa yake ndi yakuti ngozi itagwa lero, kampani ya inshuwalansi idzaloza keyala yakaleyo n'kukana kulipira.

Yankho lalifupi ndi lakuti keyala yakale payokha siithetsa mphamvu ya chiphaso, ndiponso payokha siipha inshuwalansi. Koma amene angatole yankho lalifupili n'kunyamuka watenga theka lokha la nkhani, ndipo theka lotsalalo ndi limene lasiya mabanja ambiri manja ali m'khosi.

Poyamba pafunika kulekanitsa mapepala awiri amene anthu amawasakaniza chifukwa chakuti wapolisi wapamsewu amawafunsa nthawi imodzi. Chiphaso choyendetsera galimoto chimachokera ku boma, ku nthambi yoona za pamsewu imene ambiri amangoitchula kuti Road Traffic, yomwe ili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Kuyambira mu 2015 nthambiyi imasunga mbiri ya madalaivala ndi magalimoto m'makina a kompyuta otchedwa MalTIS, momwe muli chithunzi cha munthu ndi zidindo za zala zake. Umboni umene chiphaso chimapereka ndi wakuti mwini wake anayesedwa, anakhoza, ndipo akuloledwa kuyendetsa galimoto ya gulu lakutilakuti kufikira tsiku lolembedwa pa khadipo. Luso loyendetsa silitsala m'nyumba imene munthu wasamukamo. Inshuwalansi ndi chinthu china: ndi pangano la pakati pa mwini galimoto ndi kampani, ngakhale kuti lamulo la pamsewu la 1997 limakakamiza kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ija imatchedwa third party.

Kampani ikamayang'ana chiphaso cha dalaivala pambuyo pa ngozi, zimene imafufuza ndi izi: kodi chinali chisanathe nthawi, kodi chinali cha gulu loyenera galimotoyo, kodi khoti silinamuletse munthuyo kuyendetsa. Pamenepa m'pamene pagona ngozi yeniyeni ya chiphaso. Chiphaso cha gulu B ndi cha magalimoto ang'onoang'ono osapitirira makilogalamu 3,500, ndipo mwini wake akakwera pa lole yaikulu yonyamula chimanga, pamaso pa kampani ali ngati munthu wopanda chiphaso. Chimodzimodzinso wa njinga yamoto amene alibe chiphaso cha gulu A. Ndipo amene amanyamula anthu olipira amafunikanso chilolezo chapadera cha madalaivala a ntchito. Munthu wodandaula za keyala angachite bwino kutembenuza khadi lake n'kuona kaye tsiku lothera, pakuti nthawi zambiri amene anaiwala kusintha keyala ndi yemweyo amene anaiwalanso kuti khadi lili ndi malire.

Keyala imene ili ndi mano ndi ija inalembedwa pa fomu yofunsira inshuwalansi. Pangano la inshuwalansi limasiyana ndi malonda a pamsika. Wogula mbuzi amaiona, amaigwira, amaiyang'ana mano. Kampani ya inshuwalansi imagula chiopsezo chimene siingathe kuchiona, ndipo imadalira mawu a mwini galimoto amene amadziwa kumene galimoto imagona, amene amaiyendetsa ndi ntchito imene imagwira. N'chifukwa chake malamulo amafuna kuti mbali zonse ziwiri zinene zoona popanda kubisa. Mfundo imeneyi ndi yakale kwambiri. Inamveketsedwa bwino m'chaka cha 1766 pa mlandu wa Carter ndi Boehm ku England, pamene woweruza wotchuka Lord Mansfield anaweruza nkhani ya linga lina la pa chilumba cha Sumatra limene linalandidwa ndi Afalansa, ndipo inafika kuno pamodzi ndi malamulo a ku England amene anayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 1902. Chosangalatsa pa mlandu umenewo n'chakuti amene anagonja anali wa inshuwalansi. Woweruza anaona kuti munthu sangalandire ndalama akudziwa kapena akuyenera kudziwa za chiopsezo, kenako n'kukana kulipira ponamizira kuti sanauzidwe. Choncho mfundoyi si chikwapu cha kampani chokha, imamanga onse.

Tanthauzo lake pa nkhani ya keyala ndi ili. Kampani ili ndi chifukwa chomveka chokanira pokhapokha chinthu chimene chinabisidwa kapena kunamizidwa chili cholemera, ndiko kuti, chikadadziwika chikadasintha mtengo wa inshuwalansi kapena chikadachititsa kampani kukana pangano. Kusamuka kuchoka m'nyumba ina kupita m'nyumba yoyandikana nayo pa boma pomwepo sikusintha kanthu pa chiopsezo. Koma munthu amene analemba kuti galimoto yake imagona mumpanda wokhala ndi mlonda, pamene masiku ano imagona panja pafupi ndi depoti, akadzaibedwa magalasi ndi batire, kapena galimoto yonse, adzapeza kuti funso lakuti "inagona kuti?" silinafunsidwe mwa mwambo chabe. Zimenezi zimakhudza makamaka aja ali ndi inshuwalansi ya comprehensive, imene imalipira kuwonongeka ndi kubedwa kwa galimoto ya mwini wake.

Mantha ambiri pa nkhaniyi amabwera ndi mafoni ochokera kwa achibale a ku Britain, ndipo achibalewo sanama. Kumeneko keyala imasindikizidwa pa chiphaso, ndipo amene sanadziwitse bungwe la DVLA kuti wasamuka angathe kulipitsidwa chindapusa chofika mapaundi 1,000, ngakhale kuti kusintha keyalako n'kwaulere. Makampani a kumeneko amawerengera mtengo potengera dera limene munthu akukhala, kotero kuti wokhala pakati pa London amene walembetsa keyala ya mbale wake wa kumudzi kuti alipire zochepa wachita chinyengo, ndipo pangano lake lingathetsedwe. Ngakhale kumeneko, chimene chimagwetsa pangano kawirikawiri ndi bodza lonenedwa kwa kampani, osati khadi la m'thumba. Kuno zimene zimalemera kwambiri pa fomu ndi mtengo wa galimoto, mtundu wake ndi ntchito yake.

Mawu akuti ntchito ndiwo afunika kuwakhalira pansi, chifukwa m'madera ngati lino kusamuka sikubwera kokha. Mwachitsanzo, mphunzitsi amene wapuma pa ntchito amagula Sienta ndi ndalama zake zopumira, naidulira inshuwalansi ali m'tauni, nalemba moona mtima kuti ndi yoyendera iye ndi banja lake. Atafika kumudzi, galimoto ija imakhala imodzi mwa ziwiri kapena zitatu m'dera lonse. Usiku wina mayi woyembekezera wafunika kuchipatala; mawa lake pali maliro; tsiku la msika anthu akuimika panjira, ndipo aliyense akuponya kangachepe ka mafuta. Pakutha kwa miyezi itatu mdzukulu waphunzira kuyendetsa, ndipo galimoto ikuyenda maulendo anayi pa tsiku pakati pa msika ndi boma, itanyamula anthu khumi ndi matumba pamwamba. Palibe tsiku limene mphunzitsiyo anakhala pansi n'kunena kuti wayamba bizinesi ya matola. Zinangolowa pang'onopang'ono ngati chinyezi m'khoma. Koma pepala la ku kampani likunenabe za galimoto ya banja, nambala yake si yofiira ija ya magalimoto onyamula anthu olipira, ndipo woyendetsa mwina sali m'gulu la anthu amene pangano linawalola.

Galimoto yotereyi ikagubuduzika, kampani idzatumiza wofufuza. Wofufuzayo adzawerenga lipoti la apolisi, adzacheza ndi ovulala m'chipatala, ndipo mmodzi wa iwo adzanena mosabisa kuti analipira ndalama zakuti kuchokera pa msika. Kalata yokana ikadzafika, mwini galimoto adzauza anansi kuti am'kanira chifukwa anasamuka, ndipo mphekesera ya keyala idzakula. Chonsecho chimene cham'gwetsa ndi kusintha kwa ntchito kumene kunabwera ndi kusamukako. Kunena mosapsatira, eni magalimoto ambiri amadziwa kuti inshuwalansi ya galimoto yonyamula anthu ndi yokwera mtengo, ndipo amasankha kukhala chete. Kusankha kumeneko n'komveka pa nthawi ino ya mavuto a zachuma, koma amene amasenza zotsatira zake ndi okwera, omwe sanafunsidwe maganizo.

Msampha wachiwiri uli pa dzina. Magalimoto ndi njinga zamoto zambiri m'midzi zagulidwa kwa munthu amene anagulanso kwa wina, ndipo bulubuku likadali m'dzina la mwini woyamba, amene mwina ali ku Johannesburg kapena anamwalira kalekale. Wogula amaona kapepala ka inshuwalansi komata pa galasi kakusonyeza kuti kwatsala miyezi isanu ndi iwiri, namayesa kuti wagula galimoto pamodzi ndi chitetezo chake. Inshuwalansi siyenda ndi galimoto ngati tayala lapadera. Ndi pangano la kampani ndi munthu wakutiwakuti, ndipo munthuyo akagulitsa galimoto, wogula sangalowe m'malo mwake popanda kampani kuvomereza. Apa keyala yolakwika ndi chizindikiro chabe cha vuto lalikulu: munthu yense amene ali m'kaundula ndi wolakwika. Wogulitsa nayenso asadziyese womasuka, pakuti galimoto ikagunda munthu n'kuthawa, apolisi adzatsata nambala, ndipo nambala idzawafikitsa pa khomo la amene dzina lake lili m'makina.

Pali njira inanso imene keyala yakale imapwetekera munthu ngakhale pangano lili bwinobwino, ndipo imeneyi ndi yachete. Keyala ndi msewu umene uthenga umadzera. M'dziko muno anthu ambiri alibe nambala ya nyumba kapena dzina la msewu. Amalembetsa bokosi la ku positi ofesi la sukulu imene akuphunzitsa, la mpingo, kapena la kampani imene akugwirako ntchito. Namwino akasamutsidwa kuchoka ku chipatala china, bokosi limatsala, ndipo makalata ake amaunjikana pa shelefu ya kalaliki amene sakumudziwa. Mabanja amene anasamutsidwa m'maboma a kumwera pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anataya zonse ziwiri, malo ndi mapepala. Nambala ya foni nayo imatayika pamodzi ndi foniyo.

Tsono mapangano ambiri a inshuwalansi amanena kuti kampani ikatumiza chidziwitso ku keyala yomaliza imene ikuidziwa, yakwaniritsa udindo wake. Munthu amene amalipira pang'onopang'ono n'kuphonya gawo limodzi angatumiziridwe kalata yothetsa pangano, kalatayo n'kugona m'bokosi lakale, iye akuyendabe ndi kapepala pa galasi modzidalira. Chimodzimodzi ndi masamoni a ku khoti. Wovulala akasuma, ndipo woimbidwa mlandu osayankha chifukwa uthenga sunam'peze pa nthawi yake, khoti lingathe kugamula iye kulibe. Mapangano amafunanso kuti mwini galimoto adziwitse kampani msanga za ngozi, ndi kupereka kwa iyo kalata iliyonse ya mlandu imene walandira. Kalata imene sanaione sangaipereke. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma pa nkhani iyi ng'oma imaimbidwa ndithu, kungoti imalira kumudzi kumene munthu anasamukako.

Ambiri mwa amene ali pa msonkhano uno alibe galimoto, ndipo angaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu a ndalama. Komatu amene amagundidwa m'mphepete mwa msewu ndi ana a sukulu, amayi osenza nkhuni ndi anyamata a kabaza. Inshuwalansi yokakamiza ija inakhazikitsidwira iwowa. Lamulo la pamsewu limapatsa munthu wovulala, kapena banja la womwalira, ufulu wofuna chipukutamisozi mwachindunji ku kampani ya inshuwalansi ya galimoto imene yachita ngoziyo, ndipo ufulu wopita mwachindunjiwo uli ndi malire a zaka ziwiri. Ndalama zimene kampani ingalipire sizipitirira malire olembedwa m'pangano. Khoti likagamula zoposa pamenepo, zotsalazo zimagwera mwini galimoto ndi dalaivala. Kuti zonsezi zitheke, pafunika kuti mwini galimoto apezeke ndi kuti kampani yake idziwike. Banja limene likufunafuna munthu amene keyala yake ndi bokosi la kampani imene inatsekedwa, limatha miyezi ndi ndalama za thiransipoti, uku zaka ziwiri zija zikutha. N'chifukwa chake aliyense amene wafika pa malo a ngozi angathandize kwambiri polemba nambala ya galimoto ndi dzina la kampani lomwe lili pa kapepala ka pa galasi, galimotoyo isanachotsedwe.

Pamene kampani yalipira wovulala chonsecho mwini galimoto anaphwanya pangano, nkhani siithera pomwepo. Mapangano ambiri amapatsa kampani ufulu wodzatenga ndalamazo kwa mwini galimoto. Ndipo pamene kampani yakana kotheratu, wovulala amatsala ndi munthu amene chuma chake chonse chinali galimoto yophwanyikayo. Milandu yotere ndi imene imafika pa bwalo la mfumu, mabanja awiri a mudzi umodzi atakhala moyang'anana, lina likulira mwana, lina likuwerenga ng'ombe zoti ligulitse.

Kukonza zinthuzi sikufuna ndalama zambiri. Chofunika kuyambira ndi kampani ya inshuwalansi, chifukwa ndi kumene kuli chiopsezo chachikulu. Mwini galimoto alembe kalata yonena kumene akukhala tsopano, kumene galimoto imagona, nambala ya foni imene ikugwira ntchito, amene amayendetsa, ndi ntchito imene galimoto ikugwira masiku ano. Asakhutire ndi kuuza ajenti pakamwa pamene akumana pa msika. Ajenti amasintha ntchito, ndipo mawu a pakamwa sasiya mapazi. Kampani ikalandira kalatayo imatulutsa pepala losonyeza kusinthako, limene limakhala mbali ya pangano, ndipo pepala limenelo ndi loyenera kusungidwa pamodzi ndi malisiti, kwina osati m'galimoto momwemo. Nthawi zina kampani idzawonjezera mtengo, makamaka ngati ntchito yasintha, ndipo ena adzaona ngati adziputira okha mavuto. Koma munthu amene akulipira zochepa pa pangano limene silidzam'teteza akungotaya ndalama chaka ndi chaka pogula kapepala koonetsa wapolisi.

Nthawi yodula inshuwalansi yatsopano chaka chikatha ndi yofunika kuisamala. Ambiri amangotuma mwana ndi ndalama kuti akatenge kapepala katsopano, osadziwa kuti pangano likayambanso, udindo wonena zoona umayambanso, ndipo kukhala chete kumatengedwa ngati kuvomereza kuti zonse zili monga zinalili.

Kenako pabwere ulendo wa ku Road Traffic, umene ungaphatikizidwe ndi tsiku lokayezetsa galimoto kuti ipeze COF kapena lokonzanso chiphaso chimene chatha. Kumeneko munthu apemphe kuti mbiri yake m'makina ikonzedwe, ndipo ngati bulubuku lili m'dzina la wina, kusintha umwini kuchitike wogulitsa akadapezeka. Anyamule chiphaso cha unzika, chimene Amalawi anayamba kulembetsa mwaunyinji mu 2017, ndipo aonetsetse kuti dzina lalembedwa mofanana pa mapepala onse. Dzina limene pa chiphaso china lili ndi chilembo chimodzi chosiyana lachedwetsapo malipiro a anthu osalakwa. Madobadoba oima pa zipata za maofesiwa ndi oyenera kuwapewa, pakuti pepala lopezeka mwachinyengo limagwa pa tsiku lomwelo limene likufunika.

Amene kampani yam'kanira kale asataye mtima msanga. Ali ndi ufulu wopempha kuti chifukwa chokanira chilembedwe, ndi kuti asonyezedwe ndime ya pangano imene kampani yaimirapo. Ngati chifukwa chake ndi keyala yokha, afunse kuti keyalayo ikadasintha chiyani pa mtengo kapena pa ngoziyo, pakuti galimoto imene yawombana ndi ina masana pamsewu waukulu siinawombane chifukwa cha bokosi la ku positi ofesi. Makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, imene imalandira madandaulo a anthu amene sanathandizidwe bwino, ndipo amene sangathe kulipira loya angapite ku Legal Aid Bureau.

Kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi, pempho ndi lakuti magulu a m'wodi muno amene agula galimoto kapena njinga yamoto pamodzi, monga makopaletivu a alimi, mabanki a m'mudzi ndi mipingo, aunikenso mapepala awo msonkhano wotsatira usanafike. Kawirikawiri katundu wa gulu amalembetsedwa m'dzina ndi keyala ya wapampando wa nthawi imeneyo, ndipo zisankho zikachitika palibe amene amakumbukira kupita ku kampani. Mlembi wa gulu lililonse abweretse bulubuku, pepala la inshuwalansi ndi chiphaso cha dalaivala, kuti mayina, masiku ndi ntchito yolembedwa ziwerengedwe pamaso pa komiti.